Manati a Tayala la Kumanzere

Ndiyambe ndi kuulula ndekha uchitsiru wanga, chifukwa akaufotokoza ena amathiramo tsabola. Kwa zaka zambiri ine ndinkakhulupirira kuti manati onse a pansi pano adakhalapo pamsonkhano umodzi n'kupangana kuti kumanja ndi komanga, kumanzere ndi komasula. Ndinkati upite ku Joni, upite ku Ulaya, ngakhale kumwamba kumene ngati kuli galimoto, nati imamasukira kumanzere basi. Ikakana ndinkati ndi mwano chabe, ndipo mankhwala a mwano wa nati ndi paipi yaitali ndi munthu wonenepa woimapo.

Nzeru zimenezi ndidazitola pagalaja ina kwathu ku Mponela, kumene ndidakhalako miyezi ingapo ndikutsuka zitsulo m'palafini sukulu itandikana. Ndikuti itandikana chifukwa ine ndinkaifuna ndithu, koma iyo itandiona kachitatu mu sitandade 3 idati tatopa nawe. Pagalajapo ndidaphunzira kuchotsa matayala a timagalimoto ta mabwana, ndipo kuchokera pamenepo aliyense wondifunsa ntchito yanga ndinkamuyankha kuti ndine makaniko. Amene ankandidziwa ankangoti ee, n'kuyang'ana kumbali.

Umakaniko umenewo udandifikitsa ku Chikangawa kukakweza zipika za paini m'malole. Musaseke, ntchito ndi ntchito. Kumeneko n'kumene ndidapeza mkazi, mwana wa kufupi ndi Champhira, ndipo amene adandilozera njira anali mlongo wake, amene ankagwira ntchito yocheka matabwa. Alamu angawo anali munthu wamtali, wa chijasi chakuda chimene adabwera nacho kuchokera ku Zambia, kumene adakhalako zaka zambiri akuyenda m'malole a kumigodi. Chala chimodzi adachisiya komweko, ndipo ankati adachisiya dala kuti chiziwasungira malo.

Ine ndi alamu tinkakhalira kunyozana. Iwo ankati Mchewa akakumana ndi mbewa panjira amavula chipewa. Ine ndinkati Mtumbuka akati yewo chomene ndiye kuti sadakhute, akudikira ina. Chichewa ankachilankhula, chokhotakhota koma chomveka. Ine Chitumbuka ayi. Ndinkati wailesi yomwe idachitaya, ine ndine yani kuti ndichitole? Masiku amenewo mawu otere unkawalankhula mokweza popanda wokugwira pakamwa. Ndinkadziwa monire, yewo, ndi mawu oitanitsira mowa. Alamu ankangopukusa mutu.

“Mulamu,” ankatero, “mwakwatira kuno, mbwenu makutu mwasiya ku Mponela.”

Tsiku ndikunenali linali la m'nyengo yozizira, nkhungu itakhala m'mapaini mpaka dzuwa kukwera. Sabata imeneyo malole onse abwino, pamodzi ndi madalaivala ake, adatengedwa kukatuta amayi okavina kumsonkhano wa chipani. Zimenezo sizinkafunsidwa. Pantchito padatsala lole imodzi yokalamba, imene inkatsokomola ngati mmene ndikutsokomolera ine lero, ndi dalaivala mmodzi wa ku Mulanje amene ntchito yake inali yoyendetsa kagalimoto ka bwana wa muofesi.

Chipika chidagubuduka pamulu alamu atatembenuka. Chidawagunda m'nthiti ndi pamimba n'kupitirira ulendo wake. Magazi sadatuluke ngakhale dontho. Adadzuka okha, adatola chipewa, adatukwana chipikacho ndi makolo ake, kenaka adakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira kanthu. Mkulu wa pakachipatala ka pamalopo adawasinikiza pamimba, adawatsegula zikope, n'kunditengera pambali. Adati magazi akuchucha m'kati, iye alibe chochita, koma kuchipatala cha ku Boma la Mzimba amang'amba n'kusoka, ndipo munthu wofika msanga amabwerako akuyenda yekha.

“Musaime panjira,” adatero. “Ngakhale kukodza musaime.”

Mkazi wanga adafika akuthamanga mmene angathamangire munthu wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Adafuna kukwera nawo, alamu adakana. Adakangana m'chinenero chawo, iye akulira, iwo akuyesa kuseka, mpaka iye adagonja. Adayala bulangeti lathu kumbuyo kwa lole, adandipatsa botolo la madzi, kenaka adandigwira pamkono.

“Adumbu anga ndawasiya m'manja mwanu,” adatero. Adumbu ndiye kuti mlongo. Limenelo ndinkalidziwa.

Tidanyamuka bwino ndithu. Ine ndidakhala kumbuyo, mutu wa alamu uli pamwendo panga, tikunyozanabe. Adati lole ikudumpha chonchi chifukwa siidazolowere kunyamula Mchewa, idazolowera zipika zimene zili ndi ntchito. Ndidati akachira ndidzawatchera mbewa zonona, adzadya ndi mchira womwe. Tidatuluka m'mapaini, tidalowa m'tchire la misuku, msewu ukutsika. Pamalo pena popanda mudzi, popanda ngakhale mbuzi yosochera, tayala lakutsogolo la kumanzere lidaphulika ngati mfuti. Lole idapepera, dalaivala adalimbana nayo mpaka idaima m'mphepete. Apo m'pamene ndidamva alamu akubuula koyamba. Dalaivala adayesa kuyenda choncho, koma mphira udafwamphuka, chitsulo cha gudumu n'kuyamba kulima msewu.

Adatsika atagwira m'mutu. “Achimwene, ine za malole sindizidziwa. Ine ndi wa kagalimoto.”

“Mtima pansi, achimwene,” ndidatero ine. “Mwanyamula makaniko.”

Sipeya inalipo, ndi mpweya womwe. Jeke inalipo. Sipanala ya magudumu inalipo, ndipo pansi pa mpando tidapezapo paipi yaitali ngati mkono ndi theka. Mulungu tsiku limenelo adatipatsa zonse, adangosungako nzeru.

Manati anali asanu ndi atatu, aakulu ngati zibakera za mwana. Ndidavula malaya, kuzizira konse kuja, kuti dalaivala aone kuti pafika munthu. Ndidalowetsa sipanala, ndidakokera kumanzere. Nati idangondiyang'ana. Ndidalowetsa paipi, ndidatsamira ndi thupi lonse. Idalira kuti kwee, idasuntha pang'ono ngati m'lifupi mwa chikhadabo, n'kuima. Ndidakondwa. Ndidati yayamba kumva. Ndidapita pa yachiwiri, nayonso kwee, n'kuima. Onse asanu ndi atatu adandipatsa kachikhadabo kamodzikamodzi, kenaka adauma gwa. Inu amene mumadziwa zitsulo mwaona kale chimene chinkachitika. Khalani chete, musandiwonongere nkhani, ine ndidaivutikira.

Ndidati ndi dzimbiri. Tidapopa dizilo m'thanki ndi kapaipi ka mphira, dalaivala adameza wina, tidathira pamanati. Tidadikira. Palibe. Tidamenya ndi mwala m'mbali mwa nati iliyonse kuti dzimbiri ligwedezeke. Palibe. Mkulu wa pachipatala uja adati tisaime ngakhale kukodza, koma ine ndidakodzera manati, chifukwa pagalaja ankati mkodzo umadya dzimbiri. Dalaivala adakwera papaipi, ine ndikumugwira m'chiuno, akudumpha ngati mwana wa pakatungwe, akutchula mayina a oyera mtima onse a kutchalitchi kwawo.

Tili choncho tidamva kugogoda pathabwa la kumbuyo. Ndidakwera. Alamu anali atatuluka thukuta, milomo itayera ngati adya phulusa. Chichewa chinali chitawathawa. Munthu akamva ululu weniweni amabwerera kuchilankhulo chimene adayamwa. Adandigwira lamba, adandikokera pafupi, ndidatchera khutu pakamwa pawo.

“Kumaliro, mulamu,” ndidamva akutero, mawu ali ngati mphepo yolowera pansi pa chitseko. “Kumaliro.”

“Maliro a ndani?” ndidatero. “Inu simufa lero. Mukafa inu ndizinyozana ndi yani? Ndi mapaini?”

Adapukusa mutu. Adatulutsa dzanja m'bulangeti, adalikweza, akulizunguza m'mwamba. Ine ndidaligwira dzanjalo, ndidalisisita, ndidalibweza m'bulangeti n'kuwafunditsa bwino mpaka m'khosi.

“Gonani. Nati imodzi yokha ikagonja, anzake onse atsatira.”

Ndidatsika. Dalaivala adafunsa kuti akuti chiyani. Nditamuuza adachita chizindikiro cha mtanda.

“Akutsanzika amenewo, achimwene. Tiyeni tifulumire.”

Ndipo tidafulumiradi. Tidamanga sanza pamtengo, tidainyika m'dizilo, tidayatsa, n'kuwamba nati imodzi mpaka idada bii, utsi wa mphira ukutilowa m'maso. Tidakwera papaipi tonse awiri, tagwirana mapewa ngati anthu ochokera kumowa. Paipi idapindika. Tidaiwongola poimenya pamwala. Zikhatho zanga zidachita matuza, matuzawo adaphulika, sipanala n'kuyamba kuterera. Nthawi yonseyi khutu limodzi linali pamsewu. Msewu unali zii. Galimoto zonse za dziko la Mzimba zinali zitapita kokavinitsa.

Alamu adagogodanso. Kachiwirika adanena mawu omwe aja katatu, ndipo kachitatu adanena mokwiya, mitsempha ya m'khosi itaima, misozi ikutsikira m'makutu. Adayesa kudzuka kuti asuzumire pansi, ululu udawabweza. Ine, pofuna kuwalimbitsa mtima, ndidawakalipira.

“Alamu, musatilaulire ulendo! Maliro maliro chiyani? Munthu wamkulu ngati inu, munthu woyenda mpaka ku Zambia, kuopa kachipika?”

Ndidawamwetsa madzi pang'ono. Adandiyang'ana nthawi yaitali. Mayang'anidwe amenewo ndidawatenga ngati a munthu woopa imfa, ndipo ndidawamvera chisoni. Kenaka adatseka maso, adatembenuzira nkhope kuthabwa. Sadagogodenso.

Dzuwa lidadutsa paliwombo. Tili papaipi paja padamveka kuti thwa, tonse awiri tidagwa chagada. Bawuti imodzi inali itaduka, nati n'kugubuduka m'fumbi ndi kachidutswa kake m'kati. Ine ndidadzuka ndikuvina. Ndidati tapeza njira, tiwadule onse. Dalaivala adandiyang'ana, ali khale pansi.

“Mukadula onse, sipeyayo muimangira pa chiyani? Pa luzi?”

Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti munthu alankhule zanzeru ine n'kumva. Ndidakhala pansi pafupi naye.  Kumbuyo kuja kunkamveka kupuma kokha, kwafupikufupi, ngati macheka osanola.

Dzuwa litapendeka tidamva injini ikukwera kuchokera ku Boma. Inali lole yopanda anthu, mabenchi okhaokha kumbuyo, kambendera kakupepera kutsogolo. Inkapita kukatenga amayi ena. Tidaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba. Adatsika mdala wamfupi, wa imvi m'makutu, wa Chichewa cha ku Ntcheu. Tidamupempha kuti atembenuke atitengere wodwala. Adayang'ana kambendera kake, adayang'ana ife. Sitidapemphenso kachiwiri. Tonse tinkadziwa kuti lole imeneyo ikachedwa, mwini chiwongolero akayankha mafunso kumalo kumene anthu sankabwerako msanga. Kuima kokhako kunali kale kutichitira chifundo chachikulu.

Adayang'ana paipi yopindika ija, nati yowauka, bawuti yoduka. Adanunkhiza, adakwinya mphuno, sadafunse. Adanjuta, adalavulira pachala chachikulu, adapukuta kunsonga kwa bawuti imodzi.

“Mwana wanga, kusukulu udapitako?”

“Pang'ono, bambo.”

“Werenga apa.”

Panali chilembo chimodzi chokha, chodindidwa m'chitsulo. Sitandade 3 idakwanira.

“Eli,” ndidatero.

“Eli ameneyo ndi lefuti. Malole akale awa, mbali ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuza. Adapanga dala, ati kuti gudumu likamazungulira nati isamasuke yokha. Mbali ino umamasulira kumanja.” Adaimirira, adapukuta chala pabuluku. “Mwakhala mukumanga kuyambira nthawi yanji?”



Chifukwa tinali titawalimbitsa tsiku lonse, manatiwo adafuna anthu atatu papaipi. Koma titakokera kumanja, yoyamba idalira kamodzi n'kubwera. Yachiwiri chimodzimodzi. Ikangogonja unkatha kuipotokola ndi zala ziwiri, ikuyenda myaa chifukwa cha dizilo uja. Nthawi yonse yochotsa tayala, kuika sipeya ndi kutsitsa jeke siidakwane yosutira ndudu ziwiri. Mdala uja adaponda pagudumu la kumbuyo, adasuzumira alamu. Adavula chipewa, adachivalanso msanga ngati walakwitsa.

“Thamangani,” adatero, n'kupita kulole yake.

Sindidamuonenso. Ndikadamuona ndikadamugulira tiyi, ngakhale ndikudziwa kuti sindikadatha kumuyang'ana kumaso. Masiku ano mdzukulu wanga ali ndi galimoto ya manati a kiyi, oti akuba asachotse matayala, ndipo kiyiyo akaitaya, poti amaitaya, amabwera kudzanditenga ine monga katswiri. Ndimayamba ndalavulira pachala n'kupukuta kunsonga kwa bawuti. Iye amaseka, amati agogo, zimenezo zidatha kalekale. Ndimamusiya aseke.

Tidathamangadi, pa manati asanu ndi awiri. Dalaivala wa kagalimoto adaiyendetsa lole ija ngati adabadwira momwemo. Ine ndidabwezera mutu wa alamu pamwendo panga. Ankapuma koma sankayankha. Ndidanyozana nawo ndekha njira yonse, ndikunena zanga n'kudziyankha zawo. Ndidawauza kuti mwana akabadwa wamwamuna adzakhala wamtali ngati iwo koma wokongola ngati ine. Ndidawauza kuti chijasi chawo ndidzachibisa, asachifunefune. Titawoloka mlatho, madenga a malata a pa Boma akuoneka, mutu uja udalemera. Amene adanyamulapo munthu akudziwa chimene ndikunena. Ndidapitiriza kulankhula mpaka pachipata cha chipatala, chifukwa ndinkaopa kuti ndikasiya ndiye kuti zachitikadi.

Adabwera ndi machira, adawalowetsa, koma sadachedwe nawo. Adatuluka bambo wina wovala zoyera, adandifunsa kuti ndine ndani wawo. Ndidati mlamu. Adafunsa kuti tidanyamuka nthawi yanji ku Chikangawa. Ndidamuuza. Adayang'ana wotchi ya pakhoma, adayang'ana zikhatho zanga, adaitana namwino kuti andipake mankhwala.  Ndikadakonda akadanditukwana.

Thupi lidatsala m'nyumba ya chisoni kudikira kuti mawa lipite kwawo. Adandipatsa chijasi chija ndi bulangeti. Tidabwerera ndi lole yomweyo. Podutsa pamalo paja dalaivala sadachepetse liwiro, koma ndidaona phulusa la sanza ija ndi miyala imene tidatsekera magudumu.

Tidafika kutada. Uthenga sudatitsogolere, panalibe woutenga. Mkazi wanga anali pakhonde ndi amayi awiri oyandikana nafe. Atandiona ndikubwera ndekha, bulangeti litapindidwa pamkono, chijasi chili paphewa, sadafunse. Adangotsetsereka pakhoma mpaka pansi. Kulira kwake kudaitana anthu a mzere wonse wa nyumba zathu, ndipo posachedwa amuna adasonkha moto pabwalo, amayi adadzaza m'nyumba. Kapitawo adatuma munthu wa njinga kuti alawirire ku Champhira kukanena uthenga wa maliro. Ine ndidakhala pakati pa amuna, manja omangidwa nsalu ali pamaondo, anthu akundipepesa ndi kundiyamikira kuti ndidalimbana nalo tayala mpaka kudzivulaza. Dalaivala anali pomwepo. Adangosonkhezera moto.

Kulira kutatsikako pang'ono, mayi wina adadzandinong'oneza kuti akundifuna kuseri kwa nyumba. Ndidampeza mkazi wanga atakhala pamtondo wogwetsa, atafunda chijasi cha mlongo wake. Ndidanjuta patsogolo pake. Ndidamuuza zonse, paipi, moto, mdala wa ku Ntcheu, chilembo chija. Sindidabise. Adamvetsera osandidula.

“Adasiya mawu?” adafunsa. “Amama adzafuna kudziwa.”

“Sadanene zambiri. Ankangonena za maliro. Ankaona kuti akupita.”

“Adumbu anga? Kunena za maliro awo?” Adapukusa mutu. “Nenani mmene adanenera iwo, osati mmene mudamvera inu.”

Ine kutsanzira anthu ndiye luso langa, ndipo alamu ndinkawatsanzira tsiku lililonse pofuna kuseketsa anthu. Ndidatseka maso, ndidabweza mawu aja monga adatulukira m'kamwa mwawo, ndi lilime lawo lomwe. Ndidamuuzanso za dzanja lija ankalizunguza m'mwamba.

“Dzanja liti?”

Ndidaganiza. Ndidakweza dzanja langa limene ndidagwirira lawo, ndidatembenuka monga ndidakhalira m'lole muja. “Lamanja.”

Adaika dzanja lake pamimba. Kutsogolo kwa nyumba amayi adayamba nyimbo. Pamene adalankhula sadakweze mawu, ndipo sadandiyang'ane.

“Sadati kumaliro. Adati ku malyero. Malyero ndi dzanja lodyera, kumanja. Ankakuuzani kopotokolera.” Adakoka chijasi chija, adadzifunditsa bwino. “Mawa tikafika kwathu amama akakufunsani, munene kuti tayala lidaphulika. Mukatero mutseke pakamwa. Ndi nkhalamba, ndipo amakukondani.”